Chimene Sindinajambule

Lolemba, 4 Juni 1984

Kuzizira. Zala zikukana pensulo. Lero yakwana miyezi itatu chindichotsereni ntchito ku Graniteside, nditakonza mainjini a malole zaka makumi awiri ndi zinayi. Mlandu: kuba tebo yakufa, imene inagona pamulu wa zitsulo zotaya mpaka udzu kumera pakati pake. Mboni: Fackson. Ndilembe kawiri kuti dzanja lisaiwale. Fackson.

Ndiike zonse pano, mwina ukalamba udzandinamiza kuti sizinali zazikulu. Tebo ndi ija imapopera mpweya mu injini ya lole. Ine ndinaiyang'ana zaka zambiri nkuona kuti ikhoza kukhala injini payokha. Ndinaiwotcherera chibotolo cha chozimira moto kuti palafini aziyakira mmenemo. Moto uzunguza gudumu, gudumu likoka mpweya wina, mpweya ukolezera moto, osalekeza, monga zimachitira ndege. Zaka zitatu kuseri kwa nyumba kuno ku Glen Norah, m'dziko la Ashona. Tsiku limene inalira koyamba agalu a mzere wonse anathawa.

Fackson anaiona, poti ndinamuitana ndekha. Chitsiru ine. Azungu atayamba kutsikira ku Joni iye anamukweza ufolomani, ndipo ndinamugulira mowa. Lamulungu lina ndili kutchalitchi anafika ndi manijala watsopano ndi lole. Akuti injini ndi nzeru zake, ine ndinkangomugwirira sipanala, ndipo tebo ndi katundu wa kampani. Anainyamula. M'mawa mwake kalata.

Kalatayo anataipa ndi mwana wanga Dinah, amene akugwirabe mu ofesi mwawo. Anataipa akulira. Ichinso chili pamutu pa Fackson.

Lero Dinah wabwera ndi nkhani yokoma. Manijala akuti wafunsa, "Chabwino, imalira. Nanga imagwira ntchito yanji?" Fackson kukamwa yasa. Ndaseka mpaka chifuwa kundigwira, mkazi wanga Tecla nkuyambanso nyimbo yake yondiletsa fodya.

Lachinayi, 7 Juni

Funso la manijala ndi labwino, ndisaname. Linali funso langa chaka chatha. Injini ija imangopemerera mphepo yamoto kumbuyo. Ukati uikepo katundu pa shafti yake imazima, chifukwa mphamvu zake zonse zimathera podzidyetsa, ngati waganyu amene zonse zimathera pakamwa.

Yankho ndinali nalo m'mutu pamene ankainyamula. Gudumu lachiwiri. Liikidwe kumbuyo, m'mphepo yamoto ija, losalumikizana ndi loyamba. Pakati pawo popanda chitsulo chilichonse, mphepo yokha. Loyamba lizidzidyetsa, lachiwiri lizikoka jenereta. Mwayi wanga ndi woti sindinajambule. Ndinaphunzira kale kwa azungu kuti chimene waika papepala chasiya kukhala chako.

Ndapita ku Mbare kwa Severino, wa ku Tete uja wogulitsa zitsulo zakale. Wandipatsa matebo awiri, yaing'ono ya lole ndi yaikulu ya gileda yopalira misewu, ine ndimukonzere makina ake owotcherera. Wati, "Mudhara, mukufuna kupita kumwezi?" Ndati ndikufuna kupita pakhosi pa munthu. Waseka. Amayesa nthabwala.

Ndimanganso kuyambira pachiyambi. Ikadzayatsa babu ndidzaikweza pangolo, nkukaiimika pageti pawo nthawi ya nkhomaliro, antchito onse aone mwini nzeru.

Lamulungu, 17 Juni

Msonkhano wa sosaite ya maliro, m'kalasi la pasukulu. Mabenchi a ana, mawondo kufika kuchibwano. Fackson wafika mochedwa, jekete yatsopano, mimba kutsogolo. Wandipatsa moni wa manja awiri ngati palibe kanthu. Ndalandira ndi dzanja limodzi.

A Maliko, mlembi wathu, awerenga buku la adzukulu monga amachitira pakati pa chaka. Kwathu maliro sasambitsa abale, amasambitsa adzukulu. Kuno kuchilendo adzukulu kulibe, ndiye sosaite inakonza zoti mwamuna aliyense alembetse dzina la amene adzamusambitse, kumutseka maso ndi kumuveka. Afika pa ife: "Langton, wodzamusambitsa Fackson. Fackson, wodzamusambitsa Langton." Anthu ena kuyang'ana pansi. Nkhani yathu akuidziwa onse.

Tinachoka limodzi ku Ntcheu mu 1956 pa lole ya Ulere yonyamula ofuna ntchito, bulangete limodzi anthu awiri. Pa Zambezi, tikudikira pantoni, munthu wina wa pa lole yathu anafa ndi malungo. Palibe ankamudziwa dzina. Anamukwirira m'mbali mwa msewu ndi fumbi lake kumaso. Pomwepo tinagwirana dzanja kuti wotsala adzasambitse mnzake. Tinali anyamata, tinkalira.

Lero ndimamuyang'ana khosi lake lonenepa nkumaganiza kuti ndidzalisambitsa bwino ndithu. Mulungu andikhululukire, ndinali m'kalasi la ana.

Lachitatu, 20 Juni

Injini yatsopano yalira dzulo. Sabata ziwiri zokha, chifukwa manja akukumbuka njira. Mai Dolly a kuseri kwa mpanda akuwa kuti zovala zawo zikununkha palafini, "imi maBhurandaya hamuneti," ndiko kunena m'Chishona kuti ife obwera sititopa. Ndawapepesa ndi mapeyala anayi.

Lero ndayesa gudumu lachiwiri, la gileda lija. Zakanika. Khosi lolowera mphepo ndinalichepetsa kwambiri, mainchi awiri ndi theka, poganiza kuti mphepo yopanikizika imenya mwamphamvu. Imenya, inde, koma injini yoyamba ikusowa kopumira. Paipi yafiira ngati khala, kulira kwasintha, ndatseka palafini msanga. Nditachedwa pang'ono bwenzi nditasungunula zonse.

Phunziro: mphepo ikatuluka m'gudumu loyamba imakhala itatopa kale ndipo yatupa. Imafuna khomo lalikulu ndi gudumu lalikulu. Koma ukakulitsa kwambiri ingodutsa ngati mlendo wosapereka moni. Pakati pamenepo ndi pamene pali nzeru, ndipo Fackson sangapapeze ngakhale atamupatsa zaka khumi ndi nyali.

Loweruka, 23 Juni

Mainchi atatu. Kutenthabe.

Lachiwiri, 26 Juni

Anayi. Kuzizira bwino, koma gudumu ndaliimitsa ndi thabwa. Lopanda mphamvu. Fayilo yatha mano, chala chapakati chatha khungu. Tecla akuti ndikulankhula ndekha pakudya.

Loweruka, 30 Juni

Atatu ndi theka, ndi timapiko tisanu ndi tiwiri ta chitsulo m'khosimo toti tizikhotetsa mphepo isanamenye gudumu. Liwiro ndalitsitsa ndi magiya a gilayinda yakufa, makina onolera zitsulo aja, kenako lamba kupita ku jenereta. Mababu khumi ndi awiri pa waya woyanikira zovala.

Ayaka! Masana dzuwa likuswa mtengo, koma ayaka, onse. Mai Dolly anasuzumira pampanda nkuomba m'manja, zovala kuiwala. Tecla anaima pakhomo la khitchini manja ali m'chiuno, kenako analowa. Atatuluka anali ndi tiyi wa mkaka. Ndikumudziwa, kumeneko ndiko kululutira kwake.

Ndinakhala pansi pa mpeyala ndi fodya wanga, mtima mbee. Theka la ola lathunthu sindinamuganize munthu uja.

Lachiwiri, 3 Julayi

Ndilembe bwinobwino.

Ndinayatsa cha m'ma teni. Mababu ayaka. Ndili kutali, kumpopi wa palafini, kuseri kwa mgolo wa mchenga. Lamba anaduka. Basi, lamba yekha. Gudumu lachiwiri linapezeka lilibe katundu, mphepo ikulimenyabe ndi mphamvu zonse, ndipo palibe chitsulo cholimangirira ku injini yoyamba. Kulira kunakwera mpaka mano kuwawa. Sindinawerenge kufika atatu. Phuu!

Chidutswa chimodzi chinaboola chikuto chake cha chitsulo, nkuboola lata la khola la nkhuku, nkukalowa mu mpeyala kuya kwa chala changa chonse. China sindinachipeze. Zonse zinaulukira m'mbali, mzere umodzi ndi gudumu. Tecla anali atangochoka pamenepo ndi beseni.

Ndiye ndi mmene zilili. Gudumu lomasuka likasowa katundu limathamanga mpaka kudzipha, nkupha ndi amene waima pambali pake. Lamba kuduka, kapena munthu kungozimitsa magetsi injini ili pamoto, ndi chimodzimodzi.

Lachisanu, 6 Julayi

Mankhwala ndawapeza pansi pa bedi. Galamafoni yathu yakale, yopukusa ndi dzanja, imene tinagula pamodzi ndi Fackson mu 1958 tikukhala chipinda chimodzi ku Mbare. M'kati mwake muli kachipangizo kosunga liwiro kuti nyimbo isathamange, gavana, tizitsulo titatu pa timasipuling'i. Shafti ikafulumira timatambasuka. Ndakamangirira kumbuyo kwa magiya. Liwiro likapyola muyeso tikukoka waya, waya akutsegula kachitseko pa paipi, mphepo yonse ikuthawira kumwamba isanafike pa gudumu.

Severino wandipezera gudumu lina. Ndadula lamba dala, ndili kuseri kwa migolo iwiri. Kachitseko kwaa, gudumu nkufatsa ngati mwana wopatsidwa bere. Katatu konse.

Dinah akuti kukampani zafika povuta. Manijala walonjeza alendo a boma kuti mu Ogasiti adzaona makina opangidwa ndi mwana wa dziko lino, oyatsa magetsi kumidzi. Fackson akungozungulira injini yanga ndi tepi, kuyeza zimene anayeza kale.

Za ngolo ndi geti ndazisiya. Kumuchititsa manyazi tsiku limodzi nkochepa. Ndaganiza china, ndipo sindichilemba lero.

Lolemba, 9 Julayi

Ndichilembe. Bukuli ndi langa.

Abwera. Fackson ndikumudziwa ngati chikhatho changa, sanayambe waganizapo chinthu payekha. Abwera kudzanunkhiza, ndipo apeza pulani. Ndajambula masiku atatu, yokongola kuposa zonse zimene ndinajambulapo. Khosi mainchi atatu ndi theka. Timapiko, magiya, lamba, zonse zoona, palibe bodza ngakhale limodzi. Gavana yekha mulibe. Swichi ya mababu ndaiika pa felemu, pambali penipeni pa gudumu, pofika chiuno cha munthu.

Amakonda kugwira zinthu pamaso pa akuluakulu. Adzayatsa, adzawerama, adzazimitsa ndi dzanja lake. Ine sindidzakhalako. Sindinamupatse kanthu. Wakuba akaba chikho cha poizoni mlandu ndi wa yani?

Wandidyera masuku pamutu kokwana.

Lamulungu, 15 Julayi

Wabwera, monga ndinanenera. Titatuluka ku sosaite wati andiperekeze, "tikaone mlamu." Wanyamula buledi ndi shuga. Gavana ndinali nditamumasula kale nkumubwezera pansi pa bedi, makina nditawafunditsa tenti. Pulani pa tebulo, kapu pamwamba pake.

Wakhala pampando wanga. Wati, "Achimwene, zija zinachitika zija sizinali m'manja mwanga." Ndati zapita. Wati madokotala amuletsa mchere ndi nyama yamafuta. Ndati pepa. Maso ake ali pa tebulo ngati mphaka pa nsomba.

Ndati m'mimba mwandivuta. Ndakhala m'chimbudzi mphindi makumi awiri, ndikuwerenga njerwa. Zana limodzi ndi makumi anayi mphambu ziwiri. Pobwera ndapeza kapu ili pamalo pake, pepala palibe, iye akutsanzika mwachangu.

Tecla wati, "Bambo a Dinah, munthu uja watenga pepala lanu ine ndikuona." Ndati musiyeni. Wati, "Inu amene munafuna kumutema ndi khasu chifukwa cha injini, lero mukuti musiyeni?" Ndapita kukadyetsa nkhuku.

Lachinayi, 26 Julayi

Dinah akuti anthu anayi awachotsa pa malole kuti azimanga "makina a folomani". Manijala akuyenda akuimba mluzu. Ine ndikupita kwa Severino m'mawa uliwonse, kuwotcherera mawilibala ndi mbaula. Chifuwa chikuvuta ndi utsi.

Ndamufunsa Dinah ngati bambo ake aang'ono, poti ndi mmene amamutchulira Fackson chibadwire, amaima pafupi ndi makinawo. Wati, "Nthawi zonse, Baba, amachita kuwasisita." Ndadya bwino.

Loweruka, 4 Ogasiti

Yayaka kwawo. Mababu makumi anayi, akuti. Pozimitsa akumatseka palafini, swichi sanaigwirebe. Akusungira tsiku lalikulu, pa 17.

Ndimayesa ndikhala wosangalala kuposa apa. Ndapezeka ndikuganiza za sopo. Buku la sosaite limati mdzukulu abwere ndi sopo wake, lezala ndi nsalu yoyera. Ndimaganiza ngati padzakhale choti nkusambitsa kuyambira m'chiuno kutsika. Kenako ndakumbuka Dinah akutaipa kalata ija, mtima nkubwerera m'malo mwake.

Kutchalitchi mawa sindipita. Mwendo.

Lachiwiri, 14 Ogasiti

Ayi. Ayi.

Dinah wafika ndi diresi yatsopano m'pepala, yobiriwira, akuvina pakhomo. Akuti tsiku la alendo akufuna mtsikana wa mu ofesi adzazimitse ndi kuyatsa mababu katatu, alendo aone kuti magetsi akuchokeradi m'makina. Wojambula zithunzi adzakhalapo. "Bambo aang'ono asankha ine, Baba. Akuti ulemu umenewu ndi wa banja lathu."

Ndati supita. Wati chifukwa? Ndati ndakana basi. Wayankha m'Chishona, monga amachitira akapsa mtima, kuti mkangano wa madala awiri usamudyere ntchito. Ndati unene kuti wadwala. Wati akadwala aikapo Felistus, mnzake wa pa telefoni, amene ali ndi pakati pa miyezi isanu.

Ndatuluka. Ndakaima pa mpeyala, chala m'bowo muja. Bowo lili pofika chiuno changa. Pa Dinah ndi pachifuwa.

Tecla wanditsata. Sanakuwe. Wayang'ana chala changa, wayang'ana khola la nkhuku. Wati, "Pa pepala paja munasiyapo chiyani?" Ndachotsa chala m'bowo. Wati, "Choipa chitsata mwini, koma inu chanu chatsata mwana wanga. Mukakonze. Mukapanda kutero ndikanena ndekha kupolisi, ndipo ndidzakuphikirani kundende Lamulungu lililonse."

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi sanandilankhulepo chotero.

Lachitatu, 15 Ogasiti

Tsiku lonse kufunafuna njira ina. Kulembera manijala kalata yopanda dzina: adzafunsa Fackson, Fackson adzati nsanje. Kupita ndekha kukanena kuti makina ndi oopsa: adzafunsa ndadziwa bwanji, ndipo pulani ili m'dzanja langa, swichi ndinajambula ndine. Kukawononga makina: pageti pali alonda awiri ndi galu.

Njira ndi imodzi, ndipo ikudutsa pansi pa bedi.

Ndamutulutsa gavana, ndamupukuta, ndamuthira mafuta. Chinthu chokhacho chimene chinatsala m'mutu mwanga chimene iye analibe.

Lachinayi, 16 Ogasiti

Basi ya sikisi. Graniteside fungo lake lomwe lija, dizilo ndi chikopa. Mlonda wandidziwa, wachita manyazi, wakamuitana. Fackson watuluka ndi ovolosi yoyera yosadetsedwa. Sanadabwe. Wayang'ana kathumba kanga nkunena, "Wachedwa, Langton. Ndimakuyembekeza dzulo."

Wandilowetsa ku shedi yakumbuyo, wathamangitsa anthu. Injini yanga yoyamba ili apo, aipaka utoto wofiira, dzina lake pambali m'malembo oyera. Gudumu lachiwiri alimanga bwino, ndisaname, pulani anaitsata mpaka kadontho. Swichi ili pamene ndinaiika. Pa chogwirira chake anamangapo waya kuti munthu asaigwedeze.

Mawu ake ndiwalemba monga anawanenera, ndisadzawafewetse.

"Sabata zitatu swichi iyi sindinalole munthu kuikhudza. Mu '61 unandimenya dzanja ndi sipanala chifukwa ndinaika swichi pafupi ndi fani. Iwe sungajambule chotere mwangozi. Ndiponso sunayambe wasiyapo pepala pa tebulo, ngakhale la fodya. Ndinadziwa kuti pali chimene wasiya, koma kuti ndi chiyani, mutu wanga sufika. Ndikanakufunsa ukanandiuza?"

Ndati ndiye unatenga mwana wanga.

Wati, "Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye." Ndipo anaseka, kuseka kwa m'mphuno kuja.

Ndati ndikanapanda kubwera? Wati, "Wabwera."

Sipanala ya mainchi khumi ndi awiri inali m'dzanja langa. Ndinaona malo ake, kuseri kwa khutu. Mulungu ndi mboni, ndinaona. Koma ndikanamugwetsa, makina akanatsala chomwecho, ndipo mawa wina akanamasula waya uja. Ndinagwada nkuyamba kumanga.

Maola asanu. Kuboola paipi, kuika kachitseko, kukoka waya. Swichi ndaichotsa nkukaikhoma kukhoma, mayadi khumi, kutsogolo kwa makina. Iye amandipatsira zida, monga kale, asanafunsidwe. Ndikatambasula dzanja sipanala yoyenera ili kale m'menemo. Chimenechi chandipweteka kuposa mawu ake.

Atawona tizitsulo titatu wati, "Aa, galamafoni yathu." Ndati yanga. Wati tinagula tonse.

Tayesa kanayi. Kachitseko kwaa, gudumu kufatsa. Manijala analowa kumapeto, nkufunsa kuti mdala uyu akutani muno. Fackson wati, "Ndamuitana adzandigwirire sipanala, bwana." Andipatsa botolo la Fanta.

Lachisanu, 17 Ogasiti

Sindinapite. Ndakhala pakhonde kuyambira m'mawa, maso kumsewu, fodya mmodzi pambuyo pa mnzake. Tecla akusesa bwalo losesa kale.

Faifi koloko, diresi yobiriwira pakona. Miyendo iwiri, manja awiri. Tecla wakhala pansi pomwe anaima.

Akuti zinayenda bwino kwambiri. Anazimitsa katatu, kachitseko kanalira, mlendo wamkulu anadzidzimuka nkuseka. Anafunsa za tizitsulo tozungulira tija, ndipo bambo aang'ono anafotokoza kuti nzeru imeneyi inawabwerera akumvera galamafoni. Anthu kuomba m'manja. Akuti Fackson amutumiza ku Bulawayo kukaonetsa makinawo.

Dinah wati, "Baba, mukanabwera mukananyadira." Sakudziwa kanthu. Tecla wandiyang'ana, ndamva kuti mwanayo sadzadziwa.

Ndalemba m'madzi. Injini, gudumu, gavana, zonse ndamupatsa, chomaliza ndachita kumuperekera ndi manja awiri. Ndipo sindingathe ngakhale kudzitcha wolakwiridwa ndi mtima wonse, poti ndikudziwa chimene ndinajambula. Anandilanda ndi chimenecho.

Lamulungu, 19 Ogasiti

Sosaite. Chatsala chimodzi chimene ndingamulande.

Litatha pemphero ndaimirira. Ndati a Maliko, tsegulani buku la adzukulu. Pamene palembedwa kuti Fackson wodzamusambitsa Langton, fufutanipo. Manja angawa sadzamukhudza. Akafe ngati munthu wa pa Zambezi uja, fumbi kumaso.

Chiyambire sosaite palibe anachitapo zimenezi. A Maliko andifunsa katatu monga mwa lamulo, katatu ndavomera. Atenga rula, alemba mzere. Ndinamuyang'ana Fackson. Nkhope inagwa ndithu, ndipo kwa nthawi yoyamba chaka chino ndinaona kuti ndamubaya pofika. Alibe wina. Ana ake ndi a Chishona m'zonse, sadziwa ngakhale mbali imene mutu umaloza m'manda.

Kenako a Maliko aika rula pa mzere wanga, nkufunsa Fackson ngati nayenso akubweza. Wapukuta maso ndi mpango. Wati, "Ayi. Pamenepo musakhudze. Ine ndinalumbira pa Zambezi, ndipo sindinabweze. Langton ndidzamusambitsa ndine."

Ndati sindikufuna! A Maliko atsegula malamulo. Akuti wolonjeza yekha ndiye angabweze lonjezo lake, mwini thupi alibe mawu, chifukwa tsikulo sadzakhala ndi pakamwa. Lamulo lachisanu ndi chinayi. Ndinaliikira dzanja ndine mu 1967.

Madala ena mpaka kung'ung'udza kuti Fackson ndi munthu wa mtima wabwino.

Ndiye adzandivula. Adzanditembenuza, adzandimeta, adzanditseka maso ndi zala zomwe zija zinanyamula pepala pa tebulo langa, anthu nkumati onani chikondi. Pokhapokha atatsogola iye.

Ndabwera wapansi, basi ndaileka dala. Iye ali ndi mimba, ali ndi magazi othamanga, ndipo mchere sadzausiya, ndikumudziwa. Ine ndili ndi chifuwa chokha. Tinabadwa chaka chimodzi.

Lolemba, 20 Ogasiti

Fodya yense ndamuponya m'mbaula, ndi mapepala ake. Tecla wayang'ana utsi, wayang'ana ine. Wati zaka zonsezi ndakhala ndikukupemphani, lero chachitika nchiyani? Ndati ndikufuna kukhalitsa.

Wati, "Chifukwa cha ife?"

Ndatuluka kukadyetsa nkhuku. Mutu ukuwawa, pakamwa pakulakalaka. Tsiku loyamba.